Ndasankhidwa ku Zomba ndipo ndikufuna psychology, koma malume akuti ndisinthe

Tadala: Moni nonse pagulu pano. Ndakhala ndikungowerenga osalankhula, lero ndabwera ndi langa. Mayina atuluka ndipo ndasankhidwa ku University of Malawi ku Zomba, mbali ya social science. Mtima wanga uli pa psychology kuyambira ndili fomu 3. Ndimafuna ndidzakhale munthu amene wovutika maganizo angabwere kudzakhala naye pansi n'kupepukidwa. Koma odzandilipirira fizi ndi malume anga, ndipo dzulo madzulo anandiitana. Akuti, "Mwana wa mlongo wanga, zaka 4 ukaphunzire kucheza ndi anthu? Ukachite unamwino, ntchito yake imaoneka." Sindinawayankhe chifukwa inenso pali zimene sindikuzimvetsa. Kodi ndikamaliza zaka 4 ndidzakhala clinical psychologist? Nanga clinical ndi counselling zimasiyana pati? Amene mwadutsamo ndithandizeni, ndisapite kwa malume ndi mawu opanda mutu.

Yamikani: Zikomo mlongo, ndipo wachita bwino kufunsa usanapite. Ndikuyankhe funso loyamba mosazungulira: ayi. Digiri yoyamba sikupanga munthu kukhala clinical psychologist, kuno kapena kunja. Ndi maziko chabe. Ine ndinamaliza digiri imeneyi ndipo ndinalowa ndi maganizo ngati akowo, ndimayesa kuti pofika chaka chachiwiri ndikhala ndili m'chipinda ndi odwala. Zimene ndinapeza ndi mabuku. Umayamba ndi mbiri ya phunzirolo, za Wilhelm Wundt amene anatsegula labu yoyamba ku Leipzig mu 1879, za agalu a Pavlov, za Freud, za mmene Piaget anafotokozera kakulidwe ka nzeru za mwana. Kenako za ubongo ndi mitsempha, za mmene munthu amasinthira akakhala pagulu, za kukumbukira ndi kuiwala. Phunziro la matenda a maganizo, limene aliyense amaliyembekezera, limabwera mochedwa ndipo ndi gawo limodzi mwa ambiri.

Chimene palibe amene anandichenjeza ndi masamu. Statistics ndi research methods sizithawika. Anzanga ena anasankha psychology pothawa masamu a MSCE, n'kukawapeza akuwadikirira pa kompyuta mu SPSS, pulogalamu yosanthulira manambala. Chaka chomaliza umachita kafukufuku wako wekha. Ngati masamu amakuvuta, yamba pano kuwazolowera.

Tadala: Achimwene, masamu ndinakhoza bwino ndithu, pamenepo sindikuopa. Koma mwandidzidzimutsa. Ndiye kuti zaka 4 zonsezo wodwala sindimuona?

Yamikani: Ukhoza kumuona pa attachment, koma ngati wophunzira woonerera, pansi pa wina. Si iwe womuthandiza. Ndipo n'zoyenera kutero.

Mlongo wa pa Joni: Ndilowepo pa funso lachiwiri, poti ndili mkati mwa msewu umenewu kuno ku South Africa. Clinical psychology imayang'ana kwambiri matenda enieni a maganizo: kukhumudwa kozama kumene munthu amalephera kudzuka pamphasa, schizophrenia, bipolar, mabala a mumtima obwera pambuyo pa zoopsa. Amaphunzira kuyeza munthu ndi zida zoyezera, kuzindikira vuto potsata mabuku monga DSM-5 kapena ICD-11, ndi kuchiza polankhulana. Ambiri amagwira m'zipatala. Counselling psychology inakulira mbali ya anthu amene moyo wawapanikiza koma akuyendabe: maliro, banja losokonekera, kuchotsedwa ntchito, wachinyamata wosowa kolowera. Pantchito zimalowererana kwambiri, njira zambiri ndi zomwezo, koma maphunziro ndi malo ogwirira amasiyana.

Msewu wake kuno uli chonchi: digiri ya zaka 3, kenako Honours chaka chimodzi, kenako Masters. Pa Masters ndi pothina, chifukwa malo ndi ochepa ndipo amasankha pokufunsa mafunso maso ndi maso, sangoyang'ana malikisi okha. Ukatha, internship ya chaka, a clinical amawonjezera chaka china cha community service, ndipo pali mayeso a bodi kuti ulembetsedwe ku HPCSA, bungwe lolembetsa ogwira ntchito za umoyo kuno. Ine ndafunsira Masters kawiri osatengedwa, chaka chino ndikuyesanso. Sindikunena izi kuti ndikufooketse. Ndikufuna uwerenge zaka zonse usanawalonjeze malume kuti pakatha zaka 4 uyamba kuwathandiza.

Wongani: Ine ndiwaikire kumbuyo malumewo pang'ono. Sakulakwa kwenikweni. Ndine namwino wa za matenda a maganizo, ndipo kuno kwathu amene amakumana ndi odwala tsiku ndi tsiku m'zipatala za maboma ndi ife anamwino ndi ma clinical officer. Madokotala a psychiatry, amene amachiza matenda a maganizo ndi mankhwala, ndi ma clinical psychologist alipo ochepa kwambiri dziko lonse. Wodwala akadwalika amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital, kapena ku Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ku Mzuzu komweko a Saint John of God ali ndi koleji yophunzitsa za matenda a maganizo ndi uphungu. Ndiye ngati chimene ukufuna ndi kukhala pafupi ndi wodwala msanga, njira ya malume ikhoza kukufikitsa komweko mofulumira kuposa yako.

Kumbukiranso kuti psychologist salemba mankhwala. Munthu amene akumva mawu m'mutu, masiku anayi osagona, sungayambe ndi kukambirana naye za ubwana wake. Amafunika mankhwala kaye, zolankhulana zimabwera akakhazikika.

Tadala: Zimenezo sindimazidziwa bwinobwino. Koma kunena zoona za jakisoni ndi mabala si mbali yanga. Ndinadwazikapo agogo kuchipatala milungu itatu ndipo ndinadziona ndekha.

Wongani: Pamenepo wanena zoona, ndipo usadzikakamize. Namwino amene analowa ntchito mokankhidwa odwala amamudziwa tsiku loyamba.

Mayi Nachisale: Ana inu mundikhululukire, ine sukulu yanga ndi yochepa koma ndifunse. Uphungu umenewu mpaka ku yunivesite? Ife takula ndi anankungwi, mabanja athu anawagwira ndi ankhoswe, pamaliro timakhala ndi ofedwa mpaka kusesa. Ine ndemwe ndakhala ndikulangiza atsikana ndi maanja kumpingo zaka zoposa 20. Kodi chimene mwanayu akaphunzire n'chiyani chimene ife tilibe?

Yamikani: Amayi, funso lanu ndi lalikulu kuposa onse afunsidwa pano, ndipo ndiyankhe mwaulemu. Zimene mumachitazo ndi ntchito yeniyeni, anthu ambiri aima chifukwa cha inu. Kusiyana kwake kuli apa. Mlangizi wa kwathu amadziwa yankho munthu asanamalize kulankhula. Nkhoswe amabwera kudzamanga banja, ndiye mawu ake amalowera ku "pirira, banja ndi kupirira." Namkungwi amapereka mwambo, ndipo womvera amawerama n'kulandira. Pamene wophunzira uphungu chinthu choyamba chimene amamuphunzitsa ndi kutseka pakamwa pake. Carl Rogers, mmodzi mwa akuluakulu a phunziroli ku America, ankaphunzitsa kuti munthu amayamba kusintha akamvedwa popanda kuweruzidwa. Zimamveka zophweka. Yesani kukhala mphindi 40 ndi mayi amene akukuuzani kuti sakumukonda mwana wake wakhanda, inu osamudzudzula, osamutonthoza msanga, osamuuza za mnzake amene zinamuchitikiranso. Ine ulendo woyamba tikuyeserera m'kalasi ndinapereka malangizo pasanathe mphindi ziwiri.

Chachiwiri ndi chinsinsi. Kumudzi nkhani ya banja imafika kwa ankhoswe a mbali zonse, mawa apongozi aidziwa. Kwa wopereka uphungu imathera m'chipindamo, kupatula ngati moyo wa munthu uli pangozi. Chachitatu ndi kudziwa malire: kuzindikira kuti uyu si wamwano kapena waulesi, akudwala, ndipo apite kuchipatala.

Mayi Nachisale: Pa chinsinsi ndakumva mwanawe, pamenepo timalakwitsa kawirikawiri. Koma zongomvetsera osalangiza ndikukayika. Munthu wakwera minibasi kubwera kwa iwe, n'kubwerera wopanda mawu oti agwire? Kwathu kuno adzanena kuti sunamuthandize.

Mlongo wa pa Joni: Amayi akunena zoona, ndipo si iwo okha amene anaona zimenezi. Mabuku ambiri amene timawerenga analembedwa poganizira munthu wa ku Ulaya kapena America amene amadziona yekha payekha. Kwathu munthu amabwera ndi banja lake lonse kumsana, ngakhale atalowa yekha m'chipinda. Ukamufunsa kuti "inuyo mukufuna chiyani?" amayankha zimene amayi ake, amuna ake ndi abusa ake akufuna. Professor Chiwoza Bandawe, clinical psychologist wa ku Kamuzu University of Health Sciences, wakhala akulankhula ndi kulemba za psychology yomangidwa pa umunthu pa chifukwa chomwechi.

Ndiponso si njira zonse zimene zili zongomvetsera. CBT, njira yochiza polankhulana imene Aaron Beck anaiyambitsa m'zaka za m'ma 1960, imamupatsa munthu zochita: kugwira ganizo limene likumuzunza, kuliyesa ngati lili loona, kuyamba kachinthu kamodzi kamene anasiya. Chitsanzo chimene chingakusangalatseni amayi chili ku Zimbabwe. Dokotala wa psychiatry Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Harare, kumene agogo aakazi amaphunzitsidwa njira yothandiza munthu kupeza yekha mayankho a mavuto ake, n'kumakhala pabenchi panja pa chipatala. Vuto limene anthu amabwera nalo m'Chishona amati kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri kwathu kuja. Anachita kafukufuku ndipo zotsatira zinatuluka mu 2016 zosonyeza kuti anthu amapezadi bwino. Ndiye agogo ndi a digiri si adani. Koma kuti benchi ija iyende pamafunika wina wophunzitsa agogowo, wowayang'anira, ndi woyeza ngati zikuthandiza. Tadala, statistics zija ntchito yake ndi imeneyo.

Mayi Nachisale: Eya, zikakhala choncho ndiye bwino. Benchi yotero ndikanakhalapo ine.

Mayi a Chisomo: Ndimangowerenga koma mtima wandikakamiza. Mwana wanga wamwamuna anadwala ali fomu 4. Zinayamba ndi kusagona, kenako kudzitsekera m'chipinda, kenako kunena kuti anthu apamsewu akumunena. Abale anati walodzedwa chifukwa anali wanzeru m'kalasi. Ena anati ndi chamba, pamene mwanayo ngakhale fodya wamba sanamukhudzepo. Tinataya miyezi isanu ndi mbuzi ziwiri tikuyenda uku ndi uku. Titafika kuchipatala anamupatsa mankhwala ndipo patapita milungu anayamba kugona.

Koma chimene ndikufuna ndikuuze Tadala ndi ichi. Mankhwala anachotsa mawu aja m'mutu mwake, koma sanachotse manyazi. Anabwerera kunyumba akudziwa kuti mudzi wonse unamuona atamangidwa manja, ana akumuitana wamisala. Anakana kutuluka, anakana kubwereza sukulu. Amene anamudzutsa ndi mtsikana wina wopereka uphungu, wamng'ono ndithu, amene ankakumana naye kawiri pamwezi. Sindidziwa zimene ankakambirana, sanandiuzepo ndipo mwanayo sindinamufunse. Ine anandiitana kamodzi n'kundiphunzitsa zizindikiro zoti matenda akubwerera, ndi kuti ndisiye kumufunsa "uli bwino?" kakhumi patsiku. Lero mwana wanga ali ndi shopu yokonza mafoni ndipo mankhwala akumwabe. Malume ako akati ndi kucheza chabe, uwauze za ine.

Tadala: Amayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani imeneyi. Ndawerenga kawiri. Mulungu apitirize kumusunga mchimwene wangayo.

Wongani: Amayi a Chisomo anena chimene ife kuchipatala timachilephera chifukwa cha mzere. Tsiku la kiliniki anthu amakhala ambiri, umafunsa za tulo, za chakudya, za mankhwala, wina ali kale pakhomo. Nthawi yokhala pansi palibe. Ndiye kufunika kwa anthu a psychology kulipo, sindikutsutsa. Nkhawa yanga ndi yoti kufunika ndi kulembedwa ntchito ndi zinthu ziwiri.

Ndiwonjezere za chilankhulo, poti palibe wazitchula. Mukaphunzira zonse m'Chingerezi, koma wodwala sadzabwera n'kunena kuti ali ndi depression. Adzati mutu ukutentha, mtima ukuthamanga, thupi lonse likuphwanya, ndikuganiza kwambiri. Wayezedwa malungo katatu osapezeka. Mafunso oyezera monga PHQ-9 ndi SRQ-20 anamasuliridwa m'Chichewa, koma pepala silingakumvere munthu. Kuno kumpoto wina adzakuuza kuti ali ndi vimbuza ndipo wakhala akuvinidwa. Ukamuseka watha naye, sadzabweranso. Uyenera kudziwa kumufunsa kuti vimbuzayo imamugwira bwanji, inayamba liti, kunyumba kunachitika chiyani nthawi imeneyo. Ndiye Tadala, pamene ukuloweza mawu a m'mabuku, uzikhalanso ndi kope lina lolembamo mmene anthu athu amatchulira ululu wawo. Ngati ungaphunzireko Chitumbuka ndi Chiyao, udzandithokoza.

Kondwani Leeds: Mwachidule za kuno ku UK, mwina wina akuganiza zobwera. Digiri yako iyenera kuvomerezedwa ndi British Psychological Society, kenako anthu amagwira kaye ngati assistant psychologist kapena ntchito zosamalira odwala, kenako doctorate ya zaka 3, ndi kulembetsa ku HCPC, bungwe lolembetsa ogwira ntchito za umoyo kuno. Mpikisano ndi woopsa ngakhale kwa eni dziko. Ine ndinabwera ndi digiri ya psychology ndipo ndikugwira ntchito yosamalira okalamba odwala matenda oiwala. Zimene ndinaphunzira zimandithandiza tsiku lililonse, koma dzina la psychologist ndilibe.

Bambo Mbewe: Monga kholo limene likulipira fizi ya ana awiri, funso la malume silinayankhidwe. Mwanayu akamaliza zaka 4, Masters asanaipeze, adzadya chiyani?

Yamikani: Bambo, ndinene za ine ndi anzanga amene ndikuwadziwa, osawonjezera. Ine ndinakhala chaka ndi miyezi ingapo ndikungotumiza makalata. Ntchito yoyamba inali yosonkhanitsa mayankho a kafukufuku m'midzi, ya miyezi itatu. Anandisunga chifukwa ndinkadziwa kusanthula manambala, osati chifukwa cha Freud. Namondwe wa Freddy atagwa mu March 2023 ndinali m'gulu la othandiza anthu m'misasa ku Blantyre ndi ku Phalombe. Kumeneko ndinaona kuti thandizo loyamba la maganizo nthawi zambiri ndi kumuthandiza mayi kupeza mwana wake, kumupezera bulangete, ndi kukhala naye chete. Pano ndili ku bungwe lina loona za ana. Anzanga ena ali ku HR m'makampani, ena akuphunzitsa, ena ali m'mapulogalamu a HIV ndi a nkhanza za m'banja, wina amagwira ndi othawa kwawo ku Dzaleka. Awiri anapita kunja kukachita Masters. Ena mpaka lero alibe ntchito yokhazikika, sindibisa. Zambiri mwa ntchitozi ndi za makontirakiti, thandizo la kunja likaima nazonso zimaima.

Bambo Mbewe: Ndiye malume ali ndi mfundo.

Yamikani: Ali nayo. Koma anamwino omaliza maphunziro amene akudikira kulembedwa ntchito aliponso, a Wongani angavomereze. Njira yopanda minga palibe pa ziwirizi.

Wongani: Ndikuvomereza.

Mlongo wa pa Joni: Tadala, ngati upitedi, pali zinthu zimene ndikanakonda wina akanandiuza. Malikisi a chaka choyamba ndi ofunika, chifukwa pofunsira Masters amayang'ana pepala lonse. Usadikire attachment ya sukulu, pa holide uzidzipereka kumalo kumene kuli anthu: kumalo osamalira ana, kumagulu a achinyamata, kulikonse kumene angakulole kuthandiza pansi pa munthu wodziwa. Uyandikire mphunzitsi mmodzi amene adzakudziwe bwino moti n'kudzakulembera kalata yokuchitira umboni.

Ndipo ichi ndikuchinena ndi mtima wonse. Ukadzaphunzira za matenda a maganizo udzayamba kuwaona paliponse, mwa azakhali ako, mwa mnzako wa m'chipinda, mwa iwe mwini. Usamutche munthu dzina la matenda. Mawu amodzi a mwana wa ku yunivesite akuti "azakhali ali ndi bipolar" amamatirira munthu moyo wake wonse kumudzi. Anzako akadzamva zimene ukuphunzira adzayamba kukugogodera usiku ndi mavuto awo. Amvere ngati mnzawo, koma wina akadzatchula zofuna kudzipha usasunge wekha, ngakhale atakulumbiritsa. Mufunse mosabisa ngati waganiza njira, usamusiye yekha, ndipo mupite naye kwa wodziwa tsiku lomwelo. Kumufunsa sikumuika ganizolo m'mutu, ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa.

Chomaliza, udzifunse chimene chinakukokera kuno. Ambiri a ife tinabwera ndi bala lathu. Si cholakwa, koma bala losasamalidwa limatuluka pamene wakhala ndi munthu amene nkhani yake ikufanana ndi yako.

Tadala: Achemwali, pomalizapo mwandigwira. Fomu 3 imene ndinatchula ija ndi chaka chimene bambo anga anamwalira. Amayi anakhala pafupifupi chaka osalankhula bwinobwino, ndipo aliyense ankangoti alimbe mtima. Ine ndinkaphika, kuchapa, kupita kusukulu, osadziwa choti ndiwauze. Sindinaganizepo kuti inenso ndikufunika kulankhula ndi munthu za chaka chimenecho.

Mayi Nachisale: Pepa mwanawe. Malume akowo ndi mlongo wawo wa mayi ako eti? Ndiye chaka chimenecho anachiona ndi maso awo. Usapite kwa iwo ndi za Leipzig. Uyambe ndi mayi ako.

Admin: Zikomo nonse pokambirana mwaulemu. Ndikumbutse kuti pagulu pano sitiyeza matenda a munthu. Amene nkhaniyi yamukhudza ndipo akufuna thandizo apite kuchipatala cha boma chimene ali nacho pafupi akafunse wa za matenda a maganizo. Za ana pali nambala yaulere ya 116.

Bambo Mbewe: Mwana wanga, ukamakalankhula nawo utenge pepala. Ulembe zaka 4 za digiri, fizi yake, ndi kuti ukafunsira loni ku bodi ya ngongole za ophunzira kuti katundu awapepukire. Ulembenso poyera kuti Masters ndi ulendo wina wodzafuna ndalama zina kapena scholarship. Ife makolo chimene timadana nacho ndi kudzidzimutsidwa pakati pa njira.

Tadala: Ndabweranso. Ndinapita kwa malume Lamlungu titaweruka kutchalitchi, pepala lili m'manja monga ananenera bambo Mbewe. Koma ndinayamba monga anandiuzira mayi Nachisale. Nditatchula za chaka chija anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati ankabwera Loweruka lililonse ndi shuga ndi sopo chifukwa sankadziwa china choti achite. Ndinawawerengeranso uthenga wa amayi a Chisomo, dzina sindinatchule. Sananene kuti avomera. Atenga pepala lija, akuti akufuna alankhule ndi munthu amene anamaliza maphunzirowa amve yekha za ntchito. Achimwene a Yamikani, mungalole kuti ndiwapatse nambala yanu? Amakonda kuimba m'mawa asanapite kumunda.

Yamikani: Ndakutumizira ku inbox. Uwauze aimbe isanakwane 7, ndisanakwere minibasi. Ndipo ndidzawauza zonse, za chaka chija ndinakhala pakhomo ndi zomwe.